Masokosi Akumanzere

M'tauni muno mwadutsa anthu a zochita zawo. Wina ankayankhula ndi njinga yake, wina ankavala jekete dzuwa likuswa mtengo, wina ankapereka moni kwa agalu koma anthu ayi. Koma wovala masokosi pamwamba pa nsapato analipo mmodzi yekha, ndipo ngati simunamuone, pepani, mwayi unakudutsani. Mwamva bwino: nsapato mkati, sokosi kunja, ataikoka mpaka m'mawondo, thalauza atalipisira momwemo. Dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso. Tonse tinkangoti a Sokosi, ndipo ankayankha bwinobwino.

Musaganize kuti mutu sunkagwira. Bambo amenewa anawerenga mamita a madzi zaka makumi atatu, ndipo mita, monga mukudziwa, saiika pakhomo pooneka. Imakhala kuseri, pathengo, pamene ngakhale mwini nyumba safikapo. Ndiye tsiku lililonse ankaweruka miyendo itadzaza tinjere tomatirira. Munthu wina akanangotithothola n'kutaya. Iwo tsiku lina anavula sokosi, n'kuikwirira m'chitini cha utoto, n'kumathirira. Patatha milungu iwiri munatuluka zomera zisanu ndi ziwiri, zinayi mwa izo zoti sankazidziwa n'komwe. Basi, matenda anayambira pomwepo.

Akangomva kuti pakuti akufuna kumangapo, kaya ndi sitolo, kaya msewu, kaya malo omwetsera mafuta, ankalawirira kukayenda pamalopo uku ndi uku, akukwekwereza mapazi m'udzu, thirakitala isanafike. Lamulo lawo linali limodzi ndipo ankalinena ngati vesi: "Yakumanja kubzala, yakumanzere kusunga." Yakumanja inkalowa m'chitini. Yakumanzere ankaiyanika pamthunzi, ikauma n'kuiponya m'thumba lalikulu limene analipachika kudenga kuchipinda, pamwamba penipeni pa bedi.

Tsono Mulungu naye nthabwala amazidziwa. Munthu ameneyu anamupatsa mkazi wochapa zovala kuchipatala, mayi waukhondo woti ntchentche ikafuna kulowa m'nyumba mwake inkayamba yapukuta mapazi. Ankatchedwa Mayi Sopo. Anakumana pa kabwalo ka kuseri kwa chipatala, pamene ochapa ankayanika nsalu za pabedi. Mnyamata wa mamita anathothola kaduwa ka pepo kamene kankamera pamenepo n'kumupatsa, ndipo mawu oyamba amene mtsikanayo anayankhula anali akuti, "Chokani apo, mudetsa!" Odziwa amati mawu amenewo sanasinthe kwa zaka makumi anayi.

"Bambo, thumba ili lichoke."

"Likuluma ndani, mayi?"

"Ndikagona ndimalota likundigwera."

"Likagwa mudzamera maluwa. Mudzaoneka bwino."

"Tsiku lina mudzalipeza pachingwe, mbee!"

"Tsiku limenelo mudzandiyanike nanenso."

Anthu ankadziwa kuti Mayi Sopo akakwiya, a Sokosi achitanso zawo. Pa ukwati wa mwana wawo wamkazi, nthawi yolowetsa mkwatibwi itakwana, bambo ake sankaoneka. Anawapeza pa puloti yoyandikana ndi holo, akuguba m'udzu, masokosi achikasu atawavala pamwamba pa nsapato zobwereka. Anamva kuti Lolemba pafika omanga. Mwana anamulowetsa ali chomwecho, ndipo pa zithunzi zonse za ukwatiwo wojambula anawadula miyendo.

Nanga za apongozi? Tsiku lina a Sokosi anabwera ndi nyemba za chitedze atazikulunga m'sokosi yobiriwira, n'kuiiwala pa sofa. Madzulo ake kunafika makolo a mkamwini, anthu aulemu wawo, oyankhula motsitsa. Anakhala pansi. Pemphero lisanathe, apongozi aamuna anali atayamba kusuntha ngati akhalira nyerere, ndipo pofika pa "ameni" anali ataimirira, akuvina gule wopanda ng'oma. Mpaka lero banja limenelo likabwera limakhala pa mipando yapulasitiki.

Koma imene inafika pamtima ndi ya kabwalo kaja. Achipatala atalengeza kuti amangapo wodi yatsopano, a Sokosi anapeza kuti masokosi awo onse atha. Anatsegula dirowa ya akazi awo n'kutenga masokosi oyera a kuntchito, aja ankawasita ngati malaya. Anabwera nawo ali bii. Mayi Sopo sanawayankhule mlungu wathunthu, ndipo chakudya ankangochikankha ndi chala.

Atapuma ntchito, zitini zinali zitadzaza khonde, kuseri, mpaka padenga la bafa. Mayi Sopo anati, "Muno mukhala zitini kapena ine." A Sokosi anaganiza kanthawi kotalikirapo kuposa mmene zinayenerera, kenako anabwereka wilibala.

Kumapeto kwa tauni kuli munda waukulu wosungirako zomera, umene tonse timangouti ku Gadeni. Masiku amenewo kunali kapinga wometa bwino, maluwa ochokera kunja okhala ndi zikwangwani, ndi anthu ojambulitsa. Woyang'anira anali mayi wachitsikana wophunzira kwambiri za zomera, amene tinkamutcha Madamu. Ataona nkhalamba ya masokosi pageti anaganiza zoitana mlonda. Kenako anasuzumira m'wilibala, n'kugwada pansi osasamala za siketi.

"Bambo, ichi mwachitenga kuti?"

"Kuseri kwa njanji."

"Kuseri kwa njanji kuli nyumba zokhazokha."

"Pano, eya. Ine ndinadutsako zisanamangidwe."

Madamu anawapatsa ngodya yakumapeto, kufupi ndi mpanda, kumene kunalibe wofikako. M'zaka zisanu ngodyayo inasanduka tchire, koma tchire la mwini wake: tsekera, khovani, mpungabwi, timaluwa tokwawa, ndi zina zoti mayina ake Madamu ankachita kukawasaka m'mabuku. Loweruka lililonse kunkabwera anthu kudzaphunzira: ana a sukulu, aphunzitsi, amayi a kumsika, ndi wometa wina wolongolola amene anatseka shopu Loweruka limodzi n'kusiyiratu kutsegula Loweruka. A Sokosi ankawaveka onse masokosi n'kuwatsogolera kumatchire otsala a m'tauni, ali pamzere ngati anapiye.

"Udzu kulibe," ankawauza choncho. "Kuli chomera chimene sunachifunse dzina."

Mayi Sopo sanapondeko ngakhale kamodzi. Ankati zoonera tchire anazisiya kalekale.

Ndiye kunabwera vuto. Gadeni inali ndi komiti, ndipo Wapampando wake anali bambo wa nsapato zonyezimira moti unkatha kupesa tsitsi ukuyang'ana pansi. Anati alendo akusowa poimika magalimoto, pamene ngodya yonse ija yangokhala thengo losungira njoka. Madamu anachonderera mpaka anamupatsa miyezi itatu. Ikatha, komiti idzabwera kudzaona yokha. Akadzalephera kuonetsa kuti m'tchiremo muli chaphindu, padzathiridwa simenti.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mlungu womwewo a Sokosi, akuthamangira puloti ina thirakitala itafika kale, anagwera m'ngalande n'kuthyoka mwendo. Anawagoneka m'wodi yatsopano ija, mwendo uli m'mwamba. Usiku ndi usana nkhani yawo inali imodzi: "Komiti ikubwera, ine ndili gone pano. Munda wanga aukonza ndani?"

Mawu amenewo anawalasa Mayi Sopo. Pakamwa pankatuluka moto, inde, koma bambo awo ankawakonda, ndipo kuwaona atagona akuyang'ana kudenga kunawawawa. Lachiwiri anapita ku Gadeni koyamba m'moyo wawo. Atafika pa ngodya ija anagwira pakamwa. Mayo ine! Udzu wofika m'chiuno, ziyangoyango pampanda, masamba ali mbwee. Alendo olemekezeka adzaone zimenezi? Mwamuna wawo adzachite manyazi pamaso pa anthu iwo ali moyo?

Lachitatu m'mawa anatulukira pageti ndi anzawo khumi ndi awiri, ochapa ndi okolopa opuma a kuchipatala, amayi oti akagwira malo, majeremusi amasamuka okha. Anali ndi makasu, zikwanje, masache ndi ndowa ya njereza. Madamu anali ku msonkhano kutali. Mlonda ataona zida anachita sailuti, nati, "Koma ndiye mwaganiza bwino, amayi."

Anthu inu, ntchito inagwirika! Anatchetcha, anazula, anapala mpaka dothi lapamwamba n'kukalitaya kudzala. Zinyalala anaunjika n'kuyatsa. Anathira mchenga, anasesa mokhotakhota kuti tsache lisiye maluwa, m'mbali n'kundandalika miyala yopaka njereza. Pofika masana pamalopo panali see, poti ukhoza kuchitirapo opaleshoni. Anaimba nyimbo pobwerera.

Mayi Sopo anagona mtima uli m'malo. M'mawa mwake anati, poti ndayamba, ndimalize. Anakwera pampando, anatsitsa thumba lija, analikokera kuseri. Anadzaza beseni lalikulu, anathira sopo, thovu lili tolotolo. Zaka makumi atatu akudikira tsiku limeneli! Atangomasula chingwe cha thumba, anamva geti likumenyedwa.

Anali Madamu, atatsagana ndi wometa uja, onse ali wefuwefu. Madamu maso anali ofiira.

"Amayi, ndi inu munapita ku Gadeni?"

"Ee, musavutike n'kuthokoza."

"Amayi," anatero wometa, ndipo kanali koyamba kumumva akuyankhula pang'onopang'ono, "uja sunali udzu. Uja ndiye unali mundawo."

Madamu anafotokoza. Mitundu yoposa zana inali mmenemo. Yambiri malo amene inachokera panopa ndi simenti yokhayokha, ndipo ina sanaipezenso pena paliponse m'tauni yonse. Ndi zimenezo zimene ankafuna kudzaonetsa komiti. Tsopano Wapampando adzapeza malo osalaza kale, ongofunika kujambula mizere.

Mayi Sopo anakhala pansi padothi, iwo amene sankakhala pansi popanda choyala. Safunsa anadya phula. Ndi manja awo omwewa anawotcha zaka makumi atatu za mwamuna wawo, akuimba nyimbo.

Apo Madamu anaona thumba. Anaona beseni. Anakuwa ngati waona mwana m'mphepete mwa chitsime, nadumpha n'kugwira thumbalo ndi manja awiri.

"Mwanyika angati?"

"Ngakhale imodzi."

"Amayi, musasunthe. Musapume n'komwe pafupi ndi madziwo!"

Masana a tsikulo Mayi Sopo anapita kuchipatala. Anakhala pambali pa bedi nthawi yaitali akukonza bulangeti limene linali lokonza kale. Kenako ananena zonse, osabisa ngakhale za njereza. A Sokosi anatembenuzira nkhope kukhoma. Wodi yonse inati zii, ngakhale bambo wa chifuwa wa pabedi loyandikana anasiya kutsokomola.

"Thumba?" anafunsa osatembenuka.

"Lilipo."

"Simunachape?"

"Madzi ndinali nditathira kale."

"Koma simunachape."

"Ayi."

Anatembenuka, m'maso muli misozi koma pakamwa pakuseka. "Nanga mukulira chiyani? Mukuganiza kuti yakumanzere ndinkasungira ndani? Ndinkadziwa kuti tsiku lina mudzandikonda mopitirira muyezo."

"Musandiseke, bambo, mtima ukundiwawa."

"Kabzaleni onse. Mvula ili pafupi."

Panatsala vuto limodzi. Madamu anati komiti siingamve za masokosi chabe, pafunika kaundula wonena kuti chomera chilichonse chinachokera kuti komanso liti. A Sokosi sankalemba kanthu, zonse zinali m'mutu, ankangoyang'ana sokosi n'kudziwa. Koma sisitala wa muwodi atamva zoti kubwere thumba la masokosi osachapa a zaka makumi atatu, anati lidzalowa iye atafa. Mayi Sopo, kunena zoona, anagwirizana naye.

Loweruka gulu lonse linasonkhana ku Gadeni, thumba analikhuthulira pa matebulo. Masokosi mazana awiri ndi khumi ndi anayi, onse akumanzere. Anthu anangoti kakasi. Madamu anagwira cholembera osadziwa poyambira. Mayi Sopo, amene anaima kumbuyo chifukwa cha manyazi, anaona wometa atanyamula sokosi yachikasu akuinunkhiza.

"Imeneyo ndi ya puloti ya pafupi ndi holo," anatero mosaganiza. "Tsiku la ukwati wa mwana wanga."

Onse anatembenuka.

"Nanga iyi?" anafunsa Madamu.

"Dothi lofiira limenelo ndi la kuseri kwa uvuni wa njerwa. Chaka chimene tinagula kapeti. Anaiponda tsiku lomwelo."

"Iyi?"

"Ya kunjanji, simukuona mafutawo? Ndinawatsekera panja mpaka asambe. Yobiriwirayo musaigwire ndi manja, mufunse apongozi a mwana wanga!"

Anthu inu, wochapa saiwala banga. Sokosi iliyonse inali ndi mkangano wake, ndipo mkangano uliwonse Mayi Sopo ankaukumbukira tsiku, malo, ndi mawu amene ananena. Zimene a Sokosi ankasunga chifukwa cha chikondi, akazi awo anazisunga chifukwa cha mkwiyo, ndipo mkwiyowo unali wolongosoka kuposa mabuku a Madamu. Analemba mpaka cholembera chinatha inki, wometa anathamanga kukagula china. Pomaliza penipeni panatsala kasokosi kakang'ono, kotuwa, kamene kale kanali koyera. Mayi Sopo anakagwira nthawi yaitali.

"Iyi ndi yanga," anatero. "Lembani kuti kuseri kwa chipatala, poyanika nsalu. Ndibzala ndekha."

Anachotsa mchenga uja, anabweretsa dothi, anakwirira masokosi m'mizere, iliyonse ndi kachikwangwani kake. Amayi khumi ndi awiri aja anabweranso, ulendo uno mitu ili pansi, ndipo anagwira ntchito kuposa aliyense. Thumba linatsala lopanda kanthu. Zikakanika apa, kunalibenso kwina kokatenga.

Ndiye mvula inayamba matama. Inagwa kamodzi n'kusowa milungu iwiri. Mayi Sopo ankafika m'mawa uliwonse ndi beseni lomwe lija ankafuna kuchapiramo, akutunga madzi pampopi wa kugeti, ulendo makumi awiri patsiku. Ankagwada n'kumayang'ana dothi. Wapampando anadutsa tsiku lina, anaona bwalo lopanda kanthu ndi timitengo ta zikwangwani, nati, "Mwatithandiza, amayi, kontirakitala sadzavutika." Mayi Sopo anangopitiriza kuthirira osamukalipira, zimene aliyense wowadziwa anaziona ngati chozizwitsa.

Mlungu wachitatu mvula inabwera yeniyeni, ya masiku anayi. Itakata, wometa ndiye anayamba kufika, ndipo anathamanga msewu wonse akukuwa, "Zamera! Masokosi amera!" Sikuti onse, ayi. Ena akale kwambiri anangowola. Koma ambiri anatulutsa timitu tobiriwira, ndipo pofika mwezi wachitatu ngodya ija inali itabwerera m'chiuno, ili yaviyavi kuposa kale. Mayi Sopo ankailondera ngati mkaka pamoto. Mlonda atangodutsa ndi chikwanje, akupita kwina, anamuthamangitsa mpaka kugeti.

Tsiku la komiti, Wapampando analephera kulowa ndi galimoto. Msewu wonse unadzaza anthu oyenda pansi, ana a sukulu, amayi a kumsika, anamwino, apongozi aja, aliyense atavala masokosi pamwamba pa nsapato. Kutsogolo kunali a Sokosi, ali m'wilibala, ndodo zili pamiyendo, wometa akuwakankha ngati mfumu. Pambali pawo pankayenda Mayi Sopo, nkhope ili gwa, atavala masokosi oyera ositasita pamwamba pa nsapato za kutchalitchi.

Wapampando sanafune kugonja pamaso pa gulu. Madamu anamupatsa kaundula, iye anangomuyang'ana pachikuto. Anatulutsa tepi yoyezera, nati ayeza yekha kuti aone magalimoto angati angakwane. Analowa m'tchiremo ndi suti yake, kupita uko, kubwerera, kudutsanso chopingasa. Atatuluka, thalauza lonse kuyambira m'mawondo linali litadzaza njere. Anawerama kuti akutumule.

"Ayi, bwana!" Anali Mayi Sopo. "Chikwangwani cha pageti chimati chiyani?"

"Chimati... musatuluke ndi chomera kapena mbewu iliyonse."

"Anasainira ndani?"

"Ndine."

"Ndiye khalani apa. Katundu wa Gadeni satuluka."

Anamukhazika pa benchi, anagwada, nayamba kuthothola njere imodziimodzi akuika m'mbale. Munthu wamkulu uja anakhala phee ngati mwana amene akumuchotsa minga. Njere iliyonse Mayi Sopo ankaitchula kwawo, a Sokosi akuvomereza ali m'wilibala. Iyi ya kunjanji, kumene kuli nyumba tsopano. Iyi ya ku uvuni, kumene kuli sitolo ya matayala. Iyi ya bwalo lakale la mpira, kuseri kwa sukulu ya pulayimale.

"Bwalo liti?" anafunsa Wapampando.

"Lija munamangapo maofesi."

A Sokosi anathyola tsamba la mpungabwi wa mzere umenewo, analifikisa m'manja n'kumupatsa. Wapampando ananunkhiza kamodzi, kenako kachiwiri, atatsinzina.

"Ndinali goloboyi pamenepo," anatero. "Ndikadumphira mpira ndinkagwera pa zimenezi. Amayi anga ankandimenya chifukwa cha fungoli." Anayang'ana tepi yake, naipinda. "Kwatsala kwina kumene zimamera?"

"M'tauni muno, ndi pano pokha," anayankha Madamu.

Wapampando anatsegula kaundula uja n'kuwerenga tsamba ndi tsamba, anthu mazana atatu akumudikira. Atamaliza anatembenukira anzake a komiti, nati magalimoto akhoza kumaima kunja kwa mpanda, eni ake ali ndi miyendo. Kenako anafunsa motsitsa ngati pali amene ali ndi masokosi apadera. Nthungululu zimene zinamveka tsiku limenelo zinadzutsa odwala kuchipatala. Wometa anathamanga ndi wilibala kuzungulira Gadeni yonse, a Sokosi akukuwa kuti awatsitse, ndodo zili m'mwamba.

Phokoso litachepa, Mayi Sopo anakankha okha wilibala mpaka kumapeto kwa mzere womaliza. Pamenepo panali kachomera kokwawa, katatulutsa timaluwa ta pepo titatu. A Sokosi anatambasula dzanja kuti athothole kamodzi.

"Chokani apo," anatero Mayi Sopo, "muononga."

A Sokosi anakhalanso zaka zinayi, akuyenda ndi ndodo, akutsogolerabe gulu la Loweruka. Thumba linadzazanso, ndipo ulendo uno amene ankalipachika anali akazi awo. Tsiku lina m'mawa anazungulira munda wawo monga mwa masiku onse, anakhala pa benchi ija, anatsamira, basi. Mlonda ankaganiza kuti akuwodzera. Pamaliro pawo tauni yonse inabwera, ndipo simukufunika kuuzidwa zimene inavala kumapazi.

Gulu la Loweruka lilipobe, lakula, Wapampando ndi amene amanyamula thumba la masokosi a alendo. Koma m'tauni muno mwachepa kanthu. Thirakitala ikafika pa puloti yatsopano, woyendetsa amayamba wayang'ana uku ndi uku, ngati akudikira nkhalamba ituluke m'udzu ikukweza ndodo. Wometa amalongololabe, koma nthawi zina amaima pakati pa nkhani, makina ali m'manja. Ndipo kunyumba kwa Mayi Sopo kuli mbee, pansi pakuwala, palibe wopondapo ndi matope. Iwo amati sanaonepo nyumba yonyansa chonchi.

Atabwerako kumaliro, anthu anawapatsa Mayi Sopo nsapato za bambo awo, masokosi akadali pamwamba. Mwa chizolowezi anadzaza beseni. Atagwira sokosi anaona tinjere tathyathyathya tomatirira kuchidendene, ndipo anatizindikira. M'mawa womaliza uja, a Sokosi anadutsa kumapeto kwa mzere womaliza. Mayi Sopo anataya madziwo. Yakumanzere anaiyanika pamthunzi n'kuiponya m'thumba. Yakumanja anapita nayo kumanda.

Mvula itagwa, manda onse a mzere umenewo anali osesedwa bwino, kupatula amodzi, amene anamera tchire lofika m'mawondo, timaluwa ta pepo tili mbwee. Mkamwini wawo, munthu wabwino ndithu, anafika ndi khasu kuti akonze pa apongozi ake. Anapeza Mayi Sopo atakhala pambali, padothi, popanda choyala.

"Amayi, ndimati ndipalire pang'ono, anthu angatiseke."

Mayi Sopo anamuyang'ana, anayang'ana khasu.

"Bambo ako agona pamalo oyera," anatero. "Khudza tsamba limodzi uone."